Nsomba Kaye, Mbale Pambuyo

M'nyumba ya Bambo Gillis Veenman, wojambula zithunzi wa m'kamsewu ka kuseri kwa msika wa nsomba mumzinda wa Haarlem, munali lamulo limodzi limene ngakhale mphaka ankalidziwa: chimene chaikidwa patebulo m'mawa kuti chijambulidwe, masana chidyedwe. Bambo Gillis ankati chakudya ndi mphatso yochokera m'dzanja la Mulungu, ndipo sichingaole chifukwa choti wojambula ndi wolemera manja. Tsono ntchito inali ndi ndondomeko yake. Nsomba ya hering'i ikangofika kuchokera kumsika, ikadali waliwali, ankayamba ndi iyoyo. Kenako mandimu osenda, poti makoko ake sachedwa kufota. Kenako buledi. Mbale yachitsulo, mpeni ndi tambula zinkatha kudikira ngakhale mwezi wathunthu, chifukwa izo sizipita kulikonse.

"Nsomba kaye, mbale pambuyo," ankatero. "Chimene chikufulumira kuchoka, yamba nacho."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, dzina lake Machteld, anayamba kumva mawu amenewa ali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene amayi ake anatsogola. Atate ake anamuimika pamwala woperera utoto, namuphunzitsa kusakaniza ufa wake ndi mafuta mpaka usalale ngati batala. Atapera chaka chonse, anamupatsa burashi ndi kathabwa, naika dzira limodzi pansalu yoyera.

"Jambula ili."

Machteld anajambula dzira loyera pansalu yoyera, napita nalo monyadira.

"Ichi n'chiyani? Mwezi?"

"Ndi dzira, Atate."

"Nkhuku imene yaikira ichi aitengere kwa sing'anga. Anakuuza ndani kuti dzira ndi loyera? Khala pansi uyang'ane. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anakhala, nayang'ana mpaka maso kuwawa. Pang'onopang'ono anaona kuti pamwamba, pamene pankagwa kuwala kwa pazenera, dziralo linali lachikasu pang'ono ngati mafuta a mkaka. Chakumbali linali lotuwa, lopita kukubiriwira. Ndipo pansi penipeni, pamene iye ankayembekeza mdima wokhawokha, nsalu ija inkabwezera kakuwala kochepa kumimba kwa dziralo.

"Kakuwala ka pansi kameneko n'kamene kamapatsa dzira thupi," anatero atate ake. "Aliyense amaona kuwala kochokera kumwamba. Wojambula amaonanso kumene zinthu zapansi zikubweza."

Pambuyo pa mazira panabwera anyezi, zaka ziwiri. Pambuyo pa anyezi, buledi. Hering'i anamulola kuikhudza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo tsiku limenelo atate ake anaitembenuza pambale mwaulemu ngati munthu wotsegula Buku Lopatulika.

"Taona apa, kuseri kwa diso. Golide ameneyu. Nsomba yodya amphawi, yoti ikafika madzulo palibe woikumbukira, koma Mwini wake sanaipange mothamanga. Nanga iwe uthamangiranji?"

Pofika zaka makumi awiri ndi zisanu, Machteld anali atadziwika mumzinda wonse. Anthu ankati ukayandikira thabwa lake umachita kumva fungo la nsomba, ndipo mkulu wina wogulitsa nsalu analumbira kuti anaona ntchentche ikutera pabuledi wojambulidwa. Koma mtima wa Machteld sunali pamenepo. Atate ake ankajambula anthu: akuluakulu a mumzinda ndi makolala awo oyera, ndiponso nkhani za m'Malemba, Abrahamu ataweramira mwana wake, Rute ali m'munda wa tirigu. Anthu a m'zithunzi zawo ankaoneka ngati angopuma kumene ndipo apumanso. Izi n'zimene Machteld ankalakalaka. Lamulungu, mpingo ukamaimba salimo, maso ake ankathawa m'buku n'kumayenda pankhope za anthu, pamakwinya a gogo wina, pakhosi la mayi wokhala kutsogolo, ndipo pobwerera kunyumba ankapempha chikhululukiro chifukwa chosamva ulaliki.

"Atate, munthu ndidzamujambula liti?"

"Ukadzatha dzira."

"Mazira ndajambula oposa amene nkhuku za m'Haarlem muno zaikira!"

"Kujambula wajambula. Ine ndati ukadzatha."

Nthawi zina ankalira ali pamwala woperera, misozi n'kumagwera mu utoto. Koma m'mawa mwake ankadzuka, n'kukhalanso pamaso pa anyezi.

Chaka chimenecho, masamba atayamba kuyoyoka, dzanja lamanja la Bambo Gillis linayamba kunjenjemera. Poyamba ankalibisa m'thumba. Kenako burashi inawapulumuka kawiri m'mawa umodzi, ndipo sanathenso kubisa. Tsoka ilo, anali atavomera kale ntchito yaikulu. Mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake anali wofulula mowa, ankafuna chithunzi choti chikapachikidwe m'chipinda chodyera cha kunyumba yosungirako abambo okalamba. Anasankha nkhani ya Simeoni, nkhalamba ija imene inalonjezedwa kuti siidzafa isanaone Mpulumutsi, ndipo inamulandira m'manja mwake m'Kachisi ali khanda.

Bambo Gillis anaima nthawi yaitali pamaso pa nsalu yaikulu imene inali itakokedwa kale pamatabwa ake. Kenako anatenga maburashi awo onse, nawaika m'manja mwa mwana wawo.

"Ujambula ndiwe."

"Ine, Atate? Nanga dzira lija?"

"Dzira tidzalionera pomwepo. Simeoni ndikhala ine. Ndevu ndili nazo kale, ndipo ukalamba sindichita kubwereka kwa munthu. Koma tamva. Chithunzichi ndi chako. Sindizungulira kuti ndione, sindikuuza choti uchite. Ukadzandiitana m'pamene ndidzaone."

Machteld anagona usiku umenewo akuthokoza Mulungu. Chimene anachipempha zaka khumi ndi ziwiri chinali chitafika.

M'mawa uliwonse atate ake ankakhala pampando pafupi ndi zenera la kumpoto, zitseko zake zam'munsi zili zotseka kuti kuwala kugwe kuchokera pamwamba. Ankafunda mwinjiro wakale wofiirira, mapazi ali pakambaula. Poti khanda panalibe, ankanyamula buledi wamkulu wokulunga m'nsalu yoyera, ndipo belu la masana likalira ankamukulungula n'kumudya ndi supu.

Tsiku loyamba Machteld analemba zonse ndi choko: nkhalamba, khanda, mizati ya Kachisi, dengu la nkhunda ziwiri. Tsiku lachiwiri anasakaniza utoto wa khungu, nakweza maso kuti ayang'ane nkhope. Pamenepo dzanja lake linauma. Dzira ankatha kuliyang'ana tsiku lonse osamva kanthu. Koma apa ankaona atate ake, amene anamugwira dzanja pochokera kumanda a amayi ake. Ankaona kuti masaya alowa, kuti khosi lachepa mukolala. Anayesa pakathabwa kena kapadera, ndipo panatuluka nkhope ya mlendo, youma ngati yosema pamtengo. Anaipala ndi mpeni msangamsanga atate ake asanafunse.

"Ndiyambe ndi mizati," anadziuza mumtima. "Dzanja lizolowere kaye."

Mizati inatuluka bwino kwambiri, miyala yake yozizira moti ukanafuna kuikapo tsaya. Atatha mizati anajambula makwerero. Atatha makwerero anajambula choikapo nyale chamkuwa, chonyezimira ngati chapukutidwa m'mawa womwewo. Kenako dengu, ulusi ndi ulusi. Kenako mwinjiro, khwinya lililonse pamalo pake. Pamwamba pa mwinjirowo, pamene panayenera kukhala nkhope, panangokhala dera lozungulira la utoto wadothi umene anapaka poyamba, ndi timizere tachoko.

"Mphuno yangayi ukuikongoletsako?" ankafunsa atate ake ali kuseri kwa nsalu.

"Musagwedezeke, Atate," ankayankha, nkhope ili pansi.

Masabata atatu anapita motero. Madzi a m'ngalande anayamba kuundana ndi chisanu m'mphepete. Bambo Gillis anayamba kutsokomola, ndipo kumsika sankapitanso.

Lachinayi lina m'mawa, chitseko chinagogodwa mwamphamvu ngati kwabwera asilikali. Anali Mai Aechte, wogulitsa nsomba, mayi wa mawu aakulu ndi manja ofiira, amene anakhala akugulitsa hering'i kunyumbayi kuyambira Machteld asanabadwe.

"Odi kuno kwa anthu odya zithunzi!"

"Lowani, mai wa mamba," anayankha Bambo Gillis. "Mwabwera ndi za lero, kapena zija zinatsala m'chingalawa cha Nowa?"

"Iih, tamverani nkhalamba iyi! Zaka makumi atatu ndikukudyetsani, munadwalapo m'mimba inu? Ndaona masabata awiri simukuoneka kumsika, ndati kapena mwapeza mkazi wina wokugulitsani zoola." Anakhutulira hering'i ziwiri m'mbale yachitsulo patebulo, natembenuka. "Nanga mwafunda chiyani apa? Mwasanduka mneneri?"

"Ndine Simeoni."

"Simeoni wonyamula buledi! Mwanayo akalira mumupaka batala?"

Bambo Gillis anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali, atakumbatira buledi uja. Mai Aechte anasiya kuseka. Anawayang'ana mmene amayang'anira dengu longotsika kumene m'ngalawa, mwachidule koma mosaphonya kanthu. Kenako, osapempha chilolezo, anazungulira kuseri kwa Machteld n'kuyang'ana pansalu. Anaona mizati, nyale, nkhunda, mwinjiro, ndi dera lija lopanda nkhope.

"Machteld, tandiperekeza pakhomo. Denguli likundilemera."

M'dengumo munalibe kanthu. Machteld anaona zimenezo, koma anawatsatira.

Atafika panja, Mai Aechte anakoka chitseko, natsitsa mawu awo koyamba m'moyo.

"Mwanawe, ine kusukulu sindinapondeko, koma zaka makumi anayi ndakhala ndikuyang'ana maso a nsomba. Ya lero ndimaidziwa, ya dzulo ndimaidziwa. Ndinaika mwamuna wanga, ndinaika alongo anga awiri. Atate akowa Khrisimasi sadya nafe."

"Sing'anga anati ndi chifuwa cha chisanu chabe."

"Sing'anga amalankhula zoti mtima ukhale pansi. Wawaona kuseri kwa makutu mtundu umene wabwera? Wawaona maso mmene alowera? Wa maso m'nyumba muno ndiwe, ndiye ukufuna ndikuuze ine wogulitsa nsomba?"

Machteld anali ataziona zonsezo, n'chifukwa chake ankathawitsa maso.

"Ndiye iwe uli kalikiliki ndi mizati," anapitiriza Mai Aechte. "Mizati ikuthawira kuti? Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwanawe." Anamugwira tsaya ndi dzanja lawo lozizira, lonunkha mchere, napita akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Machteld analowa. Patebulo, hering'i ziwiri zija zinali waliwali m'mbale, golide ali kuseri kwa maso, siliva ali m'mimba. Ankadziwa bwino kuti pofika masana kunyezimira kumeneko kukhala kutazilala, ndipo dzanja lake, mwachizolowezi cha zaka zonse zija, linafuna kutola burashi. Anayang'ana nsombazo. Anayang'ana mbale. Kenako anayang'ana nkhalamba ili pazenera, itatseka maso, ikupuma movutika. Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi. Iye amene sanalolepo nsomba imodzi kuzilala isanajambulidwe, masabata atatu onse anakhala akujambula mbale.

Anagwada pambali pa mpando.

"Atate, ndalakwa. Nkhope yanu sindinaiyambe."

Bambo Gillis anatsegula diso limodzi. "Ndikudziwa."

"Munazungulira?"

"Ndinalonjeza kuti sindizungulira. Koma ndakhala kuseri kwa nsalu zaka makumi asanu, mwanangu. Masabata atatu ano maso ako sanakwerepo kupitirira khosi langa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinati chithunzi ndi chako. Ndimangopempha Ambuye kuti andisunge mpaka utakweza maso. Aechte wakuuza chiyani panjapo? Kuti ndine ya dzulo?"

Machteld analephera kudziletsa. Analira ataika mutu pamwinjiro, ndipo dzanja lonjenjemera lija linamusisita tsitsi.

"Basi, basi. Misozi imaononga maso, ndipo dzuwa la mwezi uno ndi lalifupi. Dzuka. Ukuopa chiyani?"

"Ndikakuyang'anani ndimaona atate anga, dzanja n'kuuma."

"Ndiye usajambule atate ako. Atate ako sungawathe, ngakhale ine sindingawathe. Jambula kuwala kumene kwagwa pachinthu ichi." Anadzigogoda pachipumi. "Ima apo. Yang'ana. Ichi n'chiyani?"

Machteld anaima kuseri kwa nsalu, napukuta m'maso, nayang'ana. Chipumi chinali chosalala, chachikasu pamwamba, chotuwa chakumbali.

"Dzira," anatero motsitsa.

"Eya. Masayawa?"

"Buledi wa dzana."

"Wa dzana! Ndimayesa unena wa dzulo. Chabwino. Mphuno?"

"Anyezi wofiira, Atate."

"Mwana wopanda ulemu. Amayi ako ankaikonda mphuno imeneyi. Tsono ukudikira chiyani? Zonsezi unazijambula kale kambirimbiri."

Anayamba ndi chipumi. Patangotha mizere iwiri yoyamba, dzanja linakumbukira njira yake. Sanaganizenso za khosi lochepa kapena za mawu a Mai Aechte. Ankangofunsa mafunso amene anafunsa m'mawa uliwonse wa zaka khumi ndi ziwiri: kuwala kwayambira pati, kwathera pati, apa m'potentha kapena m'pozizira. Khungu la m'mbali mwa maso linali lopyapyala ngati khoko lakunja la anyezi, timitsempha tobiriwira tikuonekera mkati, ndipo iye ankadziwa kupaka utoto wopyapyala pamwamba pa wina kuti wapansi uzionekera. Makwinya a m'masaya anali ngati ming'alu ya buledi, yakuda mkati, yowala m'milomo mwake. Ndevu anazikoka ndi burashi youma, mmene ankakokera mizu ya anyezi. Mtundu wachikasu uja wa kuseri kwa makutu sanaubise. Anauika monga unalili, pakuti atate ake sanamuphunzitsepo kunamizira nsomba kuti ndi ya lero.

Belu la tchalitchi chachikulu linalira masana. Machteld anatembenukira kutebulo. Hering'i zija zinali zitayamba kuzilala, ndipo mphaka anali atakhala pansi pa tebulo kudikira mitu yake monga mwa masiku onse.

"Atate, nthawi ya chakudya. Ndikazinge?"

"Lero zidikire. Pali ina ikufulumira kuposa izo. Pitiriza."

Kanali koyamba chiyambire nyumbayo kuti belu la masana lilire nsomba ili yosaphika.

Patapita nthawi, mutu wa nkhalamba unayamba kuwerama ndi kutopa. Kuti asagone, Bambo Gillis anayamba kung'ung'udza nyimbo ija mpingo umaimba pochoka pagome la Mgonero, nyimbo ya munthu amene waona chimene ankadikira ndipo akupempha kuti amulole apite mumtendere. Mawu anali osasa, opuma pakati pa mzere, koma sanaphonye.

"Atate, tsekani pakamwa. Nsomba siimba."

"Simeoni anaimba."

Machteld anaima, burashi ili m'mwamba. Anali atalemba ndi choko milomo yotseka, yaulemu, monga ya akuluakulu a m'zithunzi. Koma nkhope imene inali pamaso pake tsopano inali ina. Poimba, chibwano chinakwera, masaya olowa aja anadzuka, ndipo maso anasiya kuyang'ana khoma n'kuyang'ana kutali.

"Imbani," anatero. "Musasiye."

Anafufuta choko ndi chala, najambula pakamwa potseguka pang'ono, mano awiri otsala akuonekera. Atate ake anaimba nyimboyo katatu, kachitatu ndi mpweya wokha.

Maso anawasiyira kumapeto, monga ankachitira ndi hering'i. Diso la nsomba ya lero limakhala ndi kadontho kamodzi koyera, ndipo kadonthoko umakaika kamodzi kokha. Ukakabwereza, diso limafa. Kunja kuwala kunali kutayamba kufiira, ndipo ankadziwa kuti nyale siingathandize, poti imanamiza mitundu. Anaviika nsonga ya burashi yaing'ono mu utoto woyera, napemphera pemphero lalifupi lopanda mawu, nagwira mpweya. Kamodzi kudiso lamanja. Kamodzi kulamanzere.

Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Panatsala chinthu chimodzi. Pansi pa chibwano ndi kunsi kwa ndevu anali atapaka mthunzi wakuda bii. Anayang'ananso atate ake. Nsalu yoyera ija yokulunga buledi, imene inali m'manja mwawo, inkabwezera kakuwala kochepa m'mwamba, kunsi kwa chibwano, m'mphepete mwa mlomo, mpaka pansi pa mphuno. Anasakaniza utoto msanga, nakaika.

"Atate, bwerani mudzaone."

Anawadzutsa, nawagwira mkono, nayenda nawo pang'onopang'ono kuzungulira nsalu. Buledi anali akadali m'manja mwawo. Bambo Gillis anaima pamenepo nthawi yaitali. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza utoto, anabwerera, anayandikiranso.

"Khutu lamanzere wafulumira nalo," anatero pomaliza.

"Ndikonza mawa."

"Mizatiyi ndi yabwino kuposa mmene ikufunikira." Kenako anakweza chala chonjenjemera, nachiimitsa pafupi ndi chibwano cha m'chithunzi, pamene panali kakuwala kaja kochokera pansi. "Aka wakatenga kuti?"

"Pansalu ya buledi."

"Ndiye kuti khanda likadzagona apa, kuwala kwa pankhope ya nkhalambayi kudzakhala kochokera kwa Mwanayo." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo madzi anatsika m'makwinya aja n'kulowa m'ndevu. "Amayi ako akanamuzindikira munthu uyu. Machteld, mwanangu, dzira walitha."

Kenako Bambo Gillis anatembenukira kutebulo.

"Tsono kakazinge nsombazo zisanatichitire umboni kwa Mulungu. Ndipo ukaitane Aechte adzadye nafe. Aone kuti ya dzulo nayonso imajambulika."

Anadya atatu madzulo amenewo, ndipo Bambo Gillis anapemphera pemphero lalitali lothokoza, kutchula buledi, nsomba, mchere, kuwala kwa tsikulo ndi maso a mwana wawo. Mai Aechte anadandaula kuti nsomba zawo zakhalitsa ndipo anthu adzati iwo ndi amene amagulitsa zozilala, koma anadya mpaka kunyambita zala.

Mawa lake Machteld anakonza khutu, najambula manja. Anali manja otupa mfundo, okhala ndi utoto wa zaka makumi asanu m'mbali mwa zikhadabo, ndipo utotowo anausiya momwemo, ngakhale Simeoni sanali wojambula. Tsiku lachitatu Bambo Gillis analephera kudzuka pabedi. Anakhala masiku asanu ndi anayi, ndipo anatsogola Lamulungu m'mawa, mabelu akuitana anthu kutchalitchi, kutatsala sabata kuti Khrisimasi ifike.

Khanda linapezeka mu Januwale, pamene mpongozi wa Mai Aechte anachira mwana wamwamuna. Mai Aechte anabwera naye ali ndi masiku asanu ndi atatu, ndipo anamukulunga m'nsalu yomwe ija ya buledi. Machteld anamujambula m'mawa umodzi.

"Ukuthamangiranji?" anafunsa Mai Aechte. "Uyu ndiye sakupita kulikonse."

"Akupita. Sabata ya mawa nkhope iyi kudzakhala kulibe, kudzakhala ina."

Tsiku lopachika chithunzi, abambo okalamba a m'nyumba ija anasonkhana m'chipinda chodyera ndi ndodo zawo. Poyamba ankalankhula onse pamodzi, kenako anakhala chete mmodzimmodzi. Wina anavula chipewa. Wina, amene anali woyendetsa ngalawa pa unyamata wake, anayandikira kwambiri, nati, "Uyu ndi Gillis Veenman, ndipo akuimba. Ndikuidziwa ndi nyimbo yake yomwe." Anatembenukira kwa Machteld. "Mayi, ife timakudziwani ndi nsomba ndi mandimu. Kujambula munthu chonchi munaphunzira liti?"

Machteld anayang'ana nkhope ya atate ake, ndi kakuwala kaja kokwera kuchokera pansalu ya Mwana.

"Zaka khumi ndi ziwiri, bambo. Kungoti sindinkadziwa kuti n'zimene ndikuphunzira."

"Anaphunzira pa hering'i zanga," anatero Mai Aechte ali kukhomo, dengu lili m'chiuno. "Ndipo za lero zilipo, ngati pali wofuna."